Akazitape a m'mabuku achikondi: bodza lonselija n'kukhululukirana pa masamba awiri basi?

NaPhiri_wa25
Abale a pagulu pano, ndithandizeni, mwina vuto ndi ine. Loweruka ndinatsikira ku Old Town n'kugula mabuku atatu kwa anyamata oyala pansi aja, onse a akazitape a nthawi ya nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ndi zibwenzi zawo. Lachitatu ndalimaliza dzulo usiku ndi tochi ya pafoni magetsi atathima, ndipo ndagona mtima uli m'mwamba. Onse atatu njira yake ndi imodzi. Mtsikana wodziwa Chifalansa atumidwa kudziko kumene kuli adani. Mabwana ake amuuza kuti ayerekeze kukhala mkazi wa mwamuna wina amene sakumudziwa, mwamunayo wamwano, wosaseka, chipsera patsaya. Afika kogona alendo, chipinda chatsala chimodzi, bedi limodzi. Asilikali akamadutsa, apsompsonana ati kuti asawakayikire. Zonsezo ndapirira. Chandipweteka n'chakumapeto. Mtsikana azindikira kuti mwamunayo wakhala akumunamiza chiyambire, ngakhale dzina si lake, ndipo bodza lakelo laphetsa mnzake wa mtsikanayo. Mwamuna angoti ndinkachitira dziko langa, timisozi, masamba awiri, ukwati. Eti zoona? Ine munthu atandinamiza dzina lokha, ankhoswe nsapato zingawathere m'njira. Inu mumazimeza bwanji zimenezi?

Kalulu_wa_Biwi
Ndiye munagula atatu a mtundu umodzi mukuyembekezera chiyani asisi? Walira mvula walira matope kkkk.

NaPhiri_wa25
Mnyamatayo anati ndikatenga atatu andichotserako. Ndisiye?

MakeTadala
Ine ndiwaikira kumbuyo mabuku amenewa. Alipo pano amene anadandaulapo kuti nsima ya lero ikufanana ndi ya dzulo? Timayang'ana ndiwo. Bedi limodzilo ndi nsima, ukwati wabodzawo ndi nsima, ndimadziwa ndisanatsegule kuti zilimo, ndipo zikasowa ndimaona ngati andibera. Chimene ndimafuna n'kuona kuti mlembi uyu wazitendera bwanji. Ndimagwira ntchito ya usiku kuchipatala, ndipo zimene ndimaona kumeneko sizitha bwino zonse. Ndikakwera minibasi m'mawa kubwerera ku Chinsapo ndikufuna buku limene landilonjeza kuti awiriwa safa ndipo akwatirana. Likandiphera mmodzi kumapeto ndimaliponya pansi pa bedi.

NaPhiri_wa25
Make Tadala, mathero okoma nanenso ndimawafuna. Koma awagwirire ntchito. Mwamuna uja avutikeko, akanidwe, apite kwa abale a womwalirayo. Osangoti pepani kamodzi atavala jekete labwino.

MphunzitsiWaMbiri
Amayi a ku 25, za ukwati wabodzazo musazipeputse kwambiri, zili ndi pochokera. Mu 1940 Angelezi anakhazikitsa bungwe lotchedwa SOE, likulu lake ku Baker Street mu London, ntchito yake kutumiza anthu mobisa kumayiko amene Ajeremani analanda. Nthambi yake yoona za France inatumiza akazi 39. Mmodzi mwa iwo anali Odette Sansom, mayi wa ana atatu aakazi, amene anafika ku France chakumapeto kwa 1942 n'kumagwira ntchito ndi mkulu wina dzina lake Peter Churchill. Atagwidwa onse awiri mu Epulo 1943, Odette anauza Ajeremani kuti iye ndi mkazi wa Peter, ndiponso kuti Peter ndi mbale wake wa Winston Churchill, nduna yaikulu ya Britain nthawi imeneyo. Zonse ziwiri zinali zabodza, dzina linangofanana. Koma bodza limenelo linathandiza kuti asaphedwe, poti adani ankaona ngati agwira anthu a mtengo wapatali. Odette anazunzidwa kwambiri, anamuzula zikhadabo za kumapazi, anakatsekeredwa kundende ya Ajeremani ya Ravensbrück, koma anatuluka wamoyo. Mu 1947 anakwatiranadi ndi Peter uja.

Ndiye olemba sanazitole pamsewu. Kungoti buku limathera pa tsiku la ukwati. Banja la awiriwa silinafike zaka 10, anasudzulana.

MakeTadala
Aphunzitsi, chiganizo chomalizacho mukanachisunga kunyumba kwanu. Ndinali nditayamba kale kululutira.

MphunzitsiWaMbiri
Pepani mayi, ndikupepeseni ndi ina. Pearl Witherington anatsika ndi parachuti ku France mu Sepitembala 1943, ndipo kumeneko kunali bwenzi lake limene anadziwana nalo kalekale, Henri Cornioley. Mtsogoleri wawo atagwidwa, Pearl ndi amene anatsogolera gulu la anthu oposa 1,000 obisala m'nkhalango. Pearl ndi Henri anakwatirana ku London mu Okutobala 1944 ndipo anakhala limodzi mpaka Henri atamwalira mu 1999. Koma taonani: awiriwa sananamizane. Ankadziwana nkhondo isanayambe.

NaPhiri_wa25
Eyaa! Ndiye nkhani yanga imeneyo. Amene banja lawo linalimba ndi amene ankanamiza adani okha.

Kalulu_wa_Biwi
Anthu awiri okha mwapanga nawo kale lamulo? Anthu amasudzulana ku Kawale kuno popanda Gestapo, apolisi achinsinsi a Hitler aja.

Chiwaya_Boy
Ine changa n'china. Ndimakonza mafoni ndi mawailesi, ndiye zimandinyansa mtsikana wa m'buku akamathamanga ndi wailesi yotumizira mauthenga ngati wanyamula kachikwama ka kutchalitchi. Makina aja ankakhala m'sutikesi yolemera makilogalamu oposa 10, ankafuna waya wautali woti auyale, ndipo munthu ankagogoda uthenga m'zizindikiro za Morse, chilembo chimodzichimodzi. Ajeremani anali ndi magalimoto okhala ndi zida zofufuzira kumene uthenga ukuchokera, nthawi zina ankathimitsa magetsi dera ndi dera kuti aone pamene uthenga wadukira. Ndiye munthu wanzeru ankatumiza mwachangu n'kusamuka. Koma m'buku lina limene ndinabwereka kwa achemwali anga, mtsikana ali mkati motumiza uthenga, mwamuna wabwera kumbuyo kudzamusisita khosi, iye n'kusiya makina ali oyaka. Ndinatseka buku n'kupita kukaonera mpira.

Nachisale_47
Kuno bwenzi Ajeremani atasokonezeka, magetsi amathima okha popanda wofufuza kkkkk.

Chiwaya_Boy
Kkkk bwenzi atagwira Mchesi yense.

MphunzitsiWaMbiri
Achimwene a mawailesi akunena zoona. Ntchito imeneyo ndiyo inali yoopsa kuposa zonse. Noor Inayat Khan anafika ku France pa kandege kakang'ono ka Lysander mu Juni 1943, anzake ambiri anagwidwa masiku omwewo, iye anapitiriza kutumiza mauthenga ku Paris akusamukasamuka mpaka wina anamupereka mu Okutobala. Anaphedwa kundende ya Ajeremani ya Dachau mu Sepitembala 1944. Nthawi yosisitana khosi inalibepo.

AdminiWaGulu
Chikumbutso: mukamakamba buku lenileni musaulule mathero osachenjeza. Komanso amene anatenga mabuku awiri a gulu pa msonkhano wa mwezi watha ku Area 18 abweze. Sinditchula dzina, koma akudzidziwa ndipo alemba kale pano lero.

Kalulu_wa_Biwi
A Admini, ukazitape umenewo. Limodzi ndabweretsa Loweruka, linalo alamu anga anapita nalo ku Mchinji.

Nachisale_47
Buku likawoloka Namitete silibwereranso, iwalani. Ine langa lina linabwera masamba omaliza atathothoka, ati mwana anakulungira mtedza. Mpaka lero sindidziwa ngati kazitape uja anali wa Angelezi kapena wa Napoleon.

Pakuti ndatchula Napoleon, ine amene amanditopetsa ndi a nthawi imeneyo. Mwamuna aliyense ndi Duke, mwini minda ndi nyumba ya zipinda zosawerengeka, masana akuvina ndi atsikana ku London, usiku ndi kazitape wamkulu wa mfumu. Ma Duke enieni anali ochepa kwambiri, koma m'mabuku achuluka ngati akabaza a pa depoti. Ndipo munthu wodziwika nkhope dziko lonse angabisale bwanji? Zili ngati T/A azikazonda mudzi woyandikana nawo atavala mkanjo wake.

MphunzitsiWaMbiri
Ndipo nthawi imeneyo anthu apamwamba ankaona ukazitape ngati ntchito yonyozeka. Colquhoun Grant, amene ankafufuzira Wellington, mkulu wa asilikali a Angelezi, za asilikali a France ku Spain, ankayenda kuseri kwa adani atavala yunifolomu yake yofiira, kuti akagwidwa amutenge ngati msilikali, asamunyonge ngati kazitape. Anagwidwadi mu 1812 ndipo sanaphedwe. Uthenga wambiri unkachokera kwa anthu wamba, alimi, ansembe, oyendetsa abulu. Koma ndani angagule buku loti chikuto chake pali woyendetsa bulu?

MakeTadala
Ine ndingagule, bola akhale ndi chipsera.

GogoWaKuKawale
Ana anga, ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete, mdzukulu wanga ndi amene wandikulitsira zilembo pafoni pano. Mabuku amenewa ndinawayamba ndili mtsikana, tinkabwerekana titawakutira ndi nyuzipepala. Ndimawakondabe. Koma funso la mwana wanga wa ku 25 landikumbutsa zina.

Inu mukamva mawu oti kazitape mukuona mzungu wa jekete lalitali ali pa siteshoni ya sitima. Ife a msinkhu wanga tikamva mawu amenewo timatsitsa mawu, ngakhale lero. Nthawi ya chipani chimodzi ndinkagwira ntchito yotayipa pa ofesi ina kuno ku Lilongwe, likulu litangosamuka kumene kuchoka ku Zomba. Ndinkakhala nyumba imodzi ndi mnzanga, tinkaphika mphika umodzi. Iye anapeza chibwenzi, mnyamata waulemu, nsapato zopolisha, wobwera ndi buledi ndi shuga Lamlungu lililonse. Akafika ankagwada popereka moni kwa amayi a mnzangayo akabwera kuchokera kumudzi. Ankakonda kucheza ndi mlongo wake wa mnzangayo, mphunzitsi, munthu wa nthabwala. Ankamugulira mowa, iye osamwa kwenikweni, botolo limodzi usiku wonse. Chimenecho ndinachiona koma sindinachimvetse.

Tsiku lina m'bandakucha galimoto inabwera kudzatenga mphunzitsi uja. Anakhala m'ndende zaka zitatu popanda mlandu kukhoti. Atatuluka anatiuza kuti pomufunsa mafunso anamuwerengera nthabwala zake liwu ndi liwu, ina yomwe anainena pakhonde pathu tili anthu anayi okha. Ine, mnzanga, iye, ndi mlamu uja.

Mnyamatayo anabweranso zinthu zitasintha, pambuyo pa referendamu ya 1993, imvi zitayamba. Anati ankamukondadi mnzanga, anati anamukakamiza, akanakana akanalowa ndi iyeyo. Mwina zinali zoona, mtima wa mnzako ndi tsidya lina. Mnzanga anamupatsa mpando, anamupatsa madzi akumwa, anamumvetsera mpaka anamaliza. Kenako analowa m'nyumba n'kutseka chitseko, ine ndi amene ndinamuperekeza mlendoyo mpaka pamsewu. Kapu imene anamwera anaiponya kudzala.

Ndiye ndikafika pa masamba awiri mukunenawo, ine ndimangowadumpha. Ndimawerenga mpaka pamene bodza laululika, ndiye ndimapita kumutu womaliza kumene ali kale ndi ana. Pakati paja ndimadziwa kuti mlembi sanakhalepo pakhonde ngati lathu lija.

NaPhiri_wa25
Agogo, zikomo. Ndasowa chonena. Mayi anga akamakamba za nthawi imeneyo amayamba ayang'ana kuwindo, ine ndinkaseka.

Kalulu_wa_Biwi
Pepani agogo. Nthabwala zanga ndaziika kaye m'thumba.

MakeTadala
Agogo, ndamva ndipo sinditsutsa. Koma ndiloleni ndinene mwaulemu kuti pali kusiyana. Wa m'buku amanamiza kuti agonjetse Hitler. Mlamu wanu uja ankapereka anthu osalakwa. Sindingawaike pa mphasa imodzi.

GogoWaKuKawale
Mwana wanga, nayenso ankati akuteteza dziko. Onse amatero. Amene wagona naye n'kumunamiza sakhala ndi mpata wofunsa kuti dziko lake ndi liti.

MphunzitsiWaMbiri
Zimene akunena agogo zinachitikanso ku Ulaya, ndipo kumeneko inali ndondomeko ya boma yeniyeni. East Germany inali ndi nthambi ya ukazitape wa kunja imene ankaitsogolera Markus Wolf. Ankatumiza amuna ku Bonn, likulu la West Germany nthawi imeneyo, kukafunsira akazi osakwatiwa ogwira ntchito ya ulembi m'maofesi a boma. Amuna amenewa anthu anawatcha ma Romeo. Chibwenzi chikakhwima, mwamuna ankayamba kupempha mapepala a kuofesi. Ena anafika pochitirana ukwati wachinyengo, mkazi akuona ngati wakwatiwa ndithu. Zikaululika, mwamuna kawirikawiri ankathawira kwawo, amene ankaima m'khoti n'kulowa m'ndende ndi mkazi. Ndiye nkhani ya mdani amene anakukonda pofuna zinsinsi kenako n'kukukondadi ili ndi eni ake, ndipo ambiri mwa iwo sanaimbe nthungululu.

Koma Make Tadala ali ndi mfundo imene sitiyenera kuitaya. Olemba amakonda nkhondo ya 1939 mpaka 1945 chifukwa woipa amadziwika, wowerenga savutika kusankha mbali. Bodza la mnyamata limatsukidwa ndi kuipa kwa mdani. Muchotsemo Hitler, muikemo boma lanu lomwe ndi aneba anu, sopo uja sagwiranso.

Wa_Kauma
Funso langa: bwanji nthawi zonse France, London, Berlin? Agogo athu a KAR (King's African Rifles, asilikali akuno a nthawi ya atsamunda) anakamenya nkhondo ku Ethiopia ndi ku Burma, chipilala cha KAR chili ku Zomba, koma m'mabuku amenewa munthu wakuda akaoneka ndiye kuti akutsegula chitseko kapena kunyamula katundu. Kuno kulibe nkhani?

Chiwaya_Boy
Zilipo adha. Mu Ogasiti 1914, pa nyanja ya Malawi, sitima ya Angelezi, Guendolen, inapita kukaphwanya sitima ya Ajeremani, Hermann von Wissmann, ili pamtunda ku Sphinxhaven, kumene lero amati Liuli, tsidya la Tanzania. Woyendetsa wa Ajeremani sankadziwa n'komwe kuti nkhondo yayamba, ndipo oyendetsa awiriwa anali mabwenzi omwera limodzi. Mwezi wotsatira kunamenyedwa nkhondo ku Karonga. Tangoganizani mtsikana wa ku Karonga, abale ake ena ali tsidya la Songwe kwa Ajeremani, mbali zonse ziwiri zikumufunsa zimene waona. Mnyamata wake watengedwa kukhala mtengatenga. Mapanga awiri avumbwitsa, buku lathunthu limenelo.

MphunzitsiWaMbiri
Onjezani 1915. John Chilembwe anatumiza munthu ndi kalata kwa Ajeremani, wapansi, ndipo yankho linabwera iye atafa kale. Ulendo wa wonyamula kalatayo pawokha ndi nkhani. Kapena 1959: boma la atsamunda linalengeza za ngozi pa 3 Malichi litamva kwa akazitape ake kuti a chipani cha Nyasaland African Congress apangana kutchire zopha azungu. Bungwe la Devlin, limene boma la Britain linatumiza, litafufuza silinapeze chiwembu chimene boma linkanenacho. Anthu anafa, ambiri anamangidwa, Rose Chibambo amene ali pa K200 analowa m'ndende ndi khanda. Amene anapereka uthenga uja anali anthu akuno, okhala ndi akazi ndi zibwenzi. Mkazi wa munthu wotero ankadziwa chiyani?

Nachisale_47
Koma likhala lachikondi limenelo aphunzitsi? Ndikuona maliro okhaokha. Komanso bedi limodzi mulipeza kuti ku Karonga mu 1914? Azakhali a mtsikana ali pakhomo ndi muuni.

MakeTadala
Kkkk mphasa imodzi, azakhali pakati.

Wa_Kauma
Ukwati wabodza kuno ungavute zedi. Ku Paris mungonena kuti ndife banja, anthu akhulupirira. Kuno akufunsani kwanu n'kuti, mfumu yanu ndani, ankhoswe anu ndani, ndinu a Phiri a kuti. Pofika madzulo apeza kale kuti agogo anu ndi amodzi ndipo simungakwatirane.

AnkhosweAkuMtandire
Ine ndaimirapo maukwati asanu ndi awiri, ndiye ndiyankhe funso loyamba lija monga nkhoswe. Chinsinsi pachokha sichipasula banja. Kwathu kuno tonse timadziwa kuti zakumzinda saulula, mwamuna amapita kudambwe, mkazi safunsa, ndipo palibe amene amati wanamizidwa, chifukwa akudziwa kuti pali khomo limene salowa. Msilikali nayenso sauza mkazi wake zonse za kuntchito. Mlandu umabwera pamene munthu wakusandutsa iweyo khasu lolimira munda wake iwe osadziwa. Amene wabisa ntchito yake ndingamukhalire pansi n'kumupepesera. Amene anafunsira dala kuti apeze njira yolowera m'nyumba, ameneyo ngakhale atabwera ndi mbuzi sindimuperekeza. Mabuku anuwo amasakaniza anthu awiriwa, n'chifukwa chake ena mukukhuta ena mukudzimbidwa.

NaPhiri_wa25
Ankhoswe mwandimasulira mfundo. Ndabwerera kukayang'ana. Mwa atatu aja, loyamba mwamuna anangobisa kuti amatumikira ndani, ndipo kunena zoona lija silinandipweteke kwambiri. Lachitatu ndi limene anamusankha dala mtsikanayo chifukwa bambo ake anali ndi mapepala. Limenelo ndiye landigonetsa ndi mkwiyo.

MakeTadala
Lachitatulo ndi la chikuto chobiriwira, mkazi watembenukira kumbali wanyamula sutikesi, ndege m'mwamba?

NaPhiri_wa25
Onse atatu mkazi watembenuka wanyamula sutikesi mayi. Nkhope sitiziona.

MakeTadala
Ndiye mundibwereke lomwelo lakukwiyitsanilo, ndione ngati ine ndimukhululukire. Ndikamaliza ndiwapititsira agogo ku Kawale, adumphe masamba awo.

GogoWaKuKawale
Bweretsa mwana wanga, koma zilembo zikhale zazikulu. Ndipo iwe wa mawailesi, nkhani ya ku Karonga ija uilembe ndisanafe. Mtsikanayo asakhale wopusa.

Chiwaya_Boy
Agogo ine ndimangodziwa kuwotcherera mawaya. Aphunzitsi alembe, ine ndiziona za makina.

MphunzitsiWaMbiri
Ndili ndi mapepala a mayeso a Fomu 4 milu iwiri patebulo pano. Tikambirane tchuthi chikayamba.

AdminiWaGulu
Msonkhano ndi Loweruka 2 koloko masana, malo omwe aja. NaPhiri bweretsani atatu onsewo. Kalulu, imbirani alamu anu ku Mchinji lero lomwe.

Kalulu_wa_Biwi
Ndaimba. Akuti buku lili kwa mnzawo ku Chipata.